Musanagule Toyota yochokera ku Japan: komwe kulimba kwake kunachokera ndi momwe mungaiyesere

Mukaima pamalo okwerera basi ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, magalimoto ambiri amene mungaone ndi a Toyota: Hiace yodzaza ndi anthu, Sienta ya matola, Probox ya amalonda, Hilux yopita kumunda. Dzinali anthu amalikhulupirira kwambiri moti ena amapereka ndalama asanatsegule n'komwe boneti. Apa m'pamene mavuto amayambira. Toyota yapanga injini zolimba kwabasi, komanso yapanga zina zimene zili ndi matenda odziwika. Galimoto imene mukugula yayenda kale zaka khumi kapena kuposa m'manja mwa munthu amene simunamuonepo. Chofunika kudziwa ndi mtundu wa injini imene ili m'katimo, mmene inasamalidwira, ndi zimene muichite ikangofika.

Kulimbaku sikunabadwe ndi kampani

Banja la Toyoda linayamba ndi makina oluka nsalu. Mu 1924 Sakichi Toyoda anamaliza makina otchedwa Type G, amene ankadziimitsa okha ulusi umodzi ukaduka, kuti asapitirize kuluka nsalu yolakwika. Mu 1929 ufulu wopanga makinawa unagulitsidwa ku kampani ya Platt Brothers ya ku England. Mwana wake, Kiichiro Toyoda, anatsegula gawo la magalimoto mu 1933, ndipo Toyota Motor Company inaima payokha mu 1937.

Magalimoto oyambawo sanali odalirika. Malole a G1 a mu 1935 ankafera panjira pafupipafupi. Mu 1950 kampani inatsala pang'ono kugwa, antchito oposa 1,600 anachoka, ndipo Kiichiro anatula pansi udindo. Mu 1958 anayamba kugulitsa Crown ku America, koma m'misewu ikuluikulu ya kumeneko inkatentha, inkanjenjemera ndipo inalibe mphamvu, moti pasanathe zaka zitatu anasiya kuitumiza. Manyazi amenewa ndi amene anawasintha. Akuluakulu a kampaniyi, Eiji Toyoda ndi Taiichi Ohno, anabweretsa m'fakitale ya magalimoto nzeru ya makina a nsalu aja: wantchito aliyense akaona cholakwika amakoka chingwe, mkulu wa gulu amathamangirako, ndipo vutolo likapanda kutha pomwepo mzere wonse umaima. Akatero amafunsa kuti zachitika chifukwa chiyani, mobwerezabwereza, mpaka afike pa gwero lake. Mu 1965 Toyota inalandira mphoto ya Deming Prize chifukwa cha ubwino wa ntchito. Corolla inatuluka mu 1966, Hiace mu 1967, Hilux mu 1968, ndipo pofika 2021 ma Corolla ogulitsidwa anali atadutsa 50 miliyoni.

Chinthu china chimene chimathandiza ife ogula magalimoto akale n'chakuti Toyota sichedwa kukonza cholakwika koma imachedwa kutaya chimene chikugwira ntchito. Land Cruiser 70 inayamba mu 1984 ndipo ikupangidwabe. Injini ya dizilo ya 1HZ inatuluka mu 1990. Ya petulo ya 1NZ-FE inatuluka mu 1999 n'kuikidwa m'magalimoto osiyanasiyana kwa zaka zoposa 20. N'chifukwa chake masipeya ake amapezeka paliponse ndipo makaniko aliyense anaitsegulapo.

Zipsera zilipo. Mu 2009 ndi 2010 Toyota inaitanitsa magalimoto mamiliyoni ambiri chifukwa cha chopondera mafuta chimene chinkakodwa, ndipo mu 2014 inalipira boma la America 1.2 biliyoni dollars chifukwa sinaulule zonse msanga. Ma airbag a kampani ya Takata, amene amatha kuphulika n'kumwaza zitsulo, anaikidwanso m'ma Toyota ambiri a zaka za m'ma 2000, kuphatikizapo Corolla ndi Vitz. Mu December 2023 Daihatsu, kampani ya Toyota imene inkapanga Passo komanso imapanga Probox, inaimitsa kutumiza magalimoto zitadziwika kuti inkachita chinyengo poyesa chitetezo. Pa tsamba la Toyota la ku Japan pali polemba nambala ya chesisi kuti muone ngati galimoto yanu inaitanitsidwapo komanso ngati inakonzedwa. Kutero sikulira ndalama.

Yambani ndi nambala ya chesisi

Kachitsulo kokhala ndi nambalayi kamakhala pansi pa boneti kapena pa chipilala cha chitseko. Zilembo zoyamba zimakuuzani injini. NZE141 ndi Corolla Axio ya 1NZ-FE, NZE144 ndi yomweyo koma yokoka matayala onse anayi, NCP81 ndi Sienta, KSP90 ndi Vitz ya injini yaing'ono ya 1KR-FE, KDH200 ndi Hiace ya dizilo, TRH200 ndi Hiace ya petulo. Nambala ya pa kachitsuloko ifanane ndi yodindidwa pa thupi la galimoto komanso ya pa mapepala. Zikasiyana, musapitirize.

1NZ-FE ya malita 1.5, imene ili mu Axio, Fielder, Probox, Sienta, Ractis ndi Allion, ndiyo yosavutitsa kwambiri. Ili ndi tcheni m'malo mwa timing belt, kotero palibe lamba wosintha. Mdani wake ndi oyilo wokalamba. Oyilo akakhalitsa amasanduka matope akuda amene amatseka kasefa kakang'ono ka VVT-i, makina osintha nthawi yotsegukira mavalavu, ndipo injini imayamba kulira tcheni m'mawa ikangolizidwa. Tsegulani chivundikiro chothirira oyilo, walitsani tochi m'katimo. Zitsulo zikaoneka zagolide, mwini wake ankasamala. Zikakhala zakuda ngati phula, ankadumpha sevisi.

1KR-FE ya lita imodzi, ya mu Vitz, Passo ndi Belta, ili ndi masilinda atatu, choncho kunjenjemera pang'ono ikaima n'chibadwa chake. Kukachuluka, kawirikawiri ndi mwaye mu valavu ya EGR, imene imabwezera utsi wina mu injini, kapena ma mounting a injini amene atha. Imamwa mafuta ochepa, koma si galimoto yodzaza anthu asanu ndi matumba a chimanga n'kukwera nayo Chiweta sabata iliyonse.

2AZ-FE ya malita 2.4, ya mu Camry, RAV4, Harrier, Alphard ndi Estima, imafunika maso. Zambiri zopangidwa cha m'ma 2006 mpaka 2011 zimadya oyilo chifukwa maring'i a mapisitoni amamatirira, ndipo Toyota yomwe inavomereza vutoli n'kutalikitsa chitsimikizo chake. 1ZZ-FE ya malita 1.8 ya zaka zoyambirira ilinso ndi khalidwe lomweli. Injini zoterezi zimatha kuyenda bwinobwino, koma oyilo amatsika mwakachetechete, ndipo mwini wake amadzadziwa injini itanoka kale. 1AZ-FSE, yolembedwa D-4, imene ili mu Noah ndi Voxy zakale, imathira petulo mwachindunji mu silinda, choncho mavalavu ake samatsukidwa ndi mafuta ndipo amadzaza mwaye. Pampu yake ya mafuta siikondanso petulo wakuda. Ngati muli kutali ndi makaniko wodziwa D-4, ipeweni.

Pa dizilo, 5L ndi 1HZ ndi zaulesi koma zopirira, chifukwa zilibe zamagetsi zambiri. 1KZ-TE ndi 2L-T zimang'ambika hedi zikangowira, nthawi zina ngakhale kamodzi kokha. 1KD-FTV ndi 2KD-FTV, za mu Hilux, Prado ndi Hiace, zili ndi mphamvu koma zili ndi msampha umene ambiri saudziwa. Pansi pa injekita iliyonse pali kawashala kotsekera moto. Kakayamba kudontha, mpweya wotentha umalowa mu oyilo n'kupanga makala, makalawo amakatseka sefa yokokera oyilo mu sampu, ndipo injini imafa ndi ludzu la oyilo pomwe sampu ili yodzaza. Pochotsa oyilo, makaniko asuzumire pa bowo la sampu ndi tochi kuti aone sefayo. Injekita ikatulutsidwa, mawashala akale asabwezeretsedwe.

Mapepala a ku Japan

Ku Japan galimoto ya banja imayesedwa ndi boma ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse. Kuyesaku n'kodula, n'chifukwa chake ambiri amagulitsa galimoto idakali bwino. Chikalata chotulutsira galimoto kunja, export certificate, chimaonetsa makilomita amene analembedwa pa kuyesedwa komaliza. Ngati chikalata chikunena 140,000 koma dashibodi ikunena 68,000, mayileji abwezedwa m'mbuyo.

Pepala lina ndi auction sheet, lolembedwa ndi woyesa wa kumsika wa magalimoto monga USS. Giredi 4.5 kapena 5 ndi galimoto yoyera, 4 ndi yabwino, 3.5 ili ndi zofunika kukonza, R kapena RA ndi imene inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Pa chithunzi cha galimoto pamalembedwa zilembo: A ndi kukalika, U ndi kuphwanyika kolowa m'kati, W ndi pamene anawongola n'kupenta, XX ndi chitsulo chimene chinasinthidwa, S ndi C ndi dzimbiri. Nambala yotsatira chilembo ikakula, vuto nalo ndi lalikulu. Dzimbiri lisapeputsidwe. Kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu, ndipo magalimoto ambiri okoka matayala anayi amachokera kumeneko. Pamwamba pamawala, pansi patadyeka. Pemphani zithunzi za kunsi musanalipire.

Kuiyesa ili pamaso panu

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pitani m'mawa, ndipo muuzeni wogulitsa asailize musanafike. Gwirani injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda, dikirani izizire, chifukwa injini yotentha imabisa kulira kwa tcheni ndi utsi wa poyambira. Tembenuzani kiyi osaliza: nyali za check engine, ABS, airbag ndi oyilo ziyake zonse, kenako zizime injini ikalira. Nyali imene siiyaka n'komwe mwina inachotsedwa babu kuti ibise vuto. Kachipangizo ka OBD2 kolumikiza pansi pa chiwongolero kamaulula zimene kompyuta yasunga.

Wina alize, inu muli kumbuyo. Utsi wabuluu ndi oyilo akupsa. Woyera wochuluka wosatha injini itafunda ndi madzi akulowa mu silinda. Wakuda ndi mafuta ochuluka, ndipo pa dizilo nthawi zambiri ndi mainjekita. Injini isanatenthe, tsegulani kapu ya radiyeta n'kuliza: thovu lotuluka mosalekeza limasonyeza kuti gasiketi ya hedi yapsa. Kunsi kwa chivundikiro cha oyilo kukakhala zoyera zamafutamafuta, madzi asakanikira ndi oyilo.

Za ngozi, yang'anani mabawuti a boneti, mafenda ndi zitseko. Penti ikakhala yosupuka pa mitu yake, anamasulidwapo. Mipata ya pakati pa zitseko ndi thupi ikhale yofanana mbali zonse. Kwezani kapeti wa mu buti muone ngati chitsulo chili ndi makwinya kapena zowotcherera. Fungo la chinyezi ndi matope ouma pansi pa mipando zimasonyeza galimoto imene inamira m'madzi, ndipo zamagetsi zake sizidzasiya kuvuta.

Kenako yendetsani mphindi zosachepera 20, pa tara ndi pa fumbi pomwe. Giyabokosi ya CVT, mtundu wa otomatiki wosasintha magiya mmodzimmodzi, iyenera kukoka mosalala. Ikamagwedeza ponyamuka, kulira ngati mluzu, kapena injini kukwera phokoso liwiro osawonjezeka, yatha, ndipo kuikonza kwake nthawi zambiri n'kugula ina. Khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto n'kuyenda pang'onopang'ono: phokoso la "tha-tha-tha" ndi CV joint. Kugunda pa mabampu ndi mashoko, mabushi kapena ma stabilizer link, zomwe sizodula kwenikweni koma zichotsedwe pa mtengo.

Sabata yoyamba

Galimoto yotsikira ku Dar es Salaam imayenda makilomita oposa 1,000 kudzera pa Songwe isanafike n'ku Mzuzu komwe, itakhala miyezi padoko ndi m'sitima. Woiyendetsa aone oyilo, madzi ndi mpweya wa matayala asananyamuke. Ikafika, musadalire kapepala ka sevisi ka ku Japan. Yambani mwatsopano.

Sinthani oyilo ndi fyuluta. 1NZ-FE imalowa malita 3.7 pamodzi ndi fyuluta, 1KR-FE pafupifupi 3.1. Thirani 5W-30. Oyilo wokhuthala wa 20W-50, amene ena amati ndiye woyenera dziko lotentha, amachedwa kufika pa tcheni ndi pa VVT-i m'mawa, ndipo m'pamene injini imadyeka kwambiri. M'misewu yafumbi sinthani pa makilomita 5,000 alionse, ndipo yang'anani ndodo yoyezera oyilo sabata iliyonse, galimoto itaima pamalo osapendekeka, injini itazima kwa mphindi zisanu. Fyuluta ya mpweya ionedwe pa sevisi iliyonse. Yong'ambika imalowetsa fumbi limene limapala masilinda. Mafyuluta achinyengo okhala ndi dzina la Toyota ndi ambiri, choncho gulani kwa wogulitsa wodziwika. Mapulagi a iridium amakwana makilomita 100,000. Mafuta a mabuleki a DOT 3 asinthidwe zaka ziwiri zilizonse chifukwa amayamwa chinyezi, ndipo potsika phiri lalitali chinyezicho chimawira, buleki n'kulowa pansi.

Ngati injini ili ndi timing belt, monga 5A-FE, 5L, 1KZ-TE, 1KD ndi 2KD, ndipo palibe umboni wa tsiku limene lambayo anasinthidwa, sinthani pomwepo pamodzi ndi tensioner, kagudumu kokunga lambayo. Malire ake ndi makilomita 100,000 mpaka 150,000 malinga ndi injini. Pa dizilo lamba akaduka mapisitoni amamenya mavalavu. Nyali ya T-BELT ikayaka, kuizimitsa osasintha lamba n'kudzinamiza.

Matayala ambiri obwera ndi galimoto ndi a chisanu, olembedwa studless. Mphira wake ndi wofewa, amatha msanga pa tara wotentha ndipo sagwira bwino mvula ikagwa. Pambali pa tayala pali manambala anayi: 2318 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2018. Tayala lopitirira zaka zisanu ndi chimodzi lichoke ngakhale mapanga ake akuoneka. Wailesi ya ku Japan imayambira pa 76 n'kulekeza pa 90 kapena 95 MHz, choncho mawayilesi ambiri a kuno sagwira mpaka mutaika band expander.

Zimene zimapha Toyota kuno

Choyamba ndi kutentha, ndipo nthawi zambiri kumachita kuitanidwa. Pali chizolowezi chochotsa thermostat, valavu yotsegula ndi kutseka njira ya madzi opita ku radiyeta, galimoto ikangofika, poganiza kuti inaikidwira dziko lozizira. Thermostat ya 1NZ-FE imatseguka cha pa madigiri 82, ndipo ntchito yake n'kusunga injini pa kutentha kumene inapangidwira. Ikachotsedwa, injini imachedwa kufunda, kompyuta imapitiriza kuthira mafuta ambiri, petulo wotsala amatsuka oyilo m'makoma a masilinda, maring'i n'kumadyeka. M'injini zambiri thermostat imatsekanso njira yachidule ya madzi, kotero ikachoka madzi ena amazungulira osadutsa mu radiyeta, ndipo pokwera phiri galimoto imawirabe. Ngati ikutentha, fufuzani gwero: radiyeta yotsekeka, fani yosazungulira, kapu yosagwira mpweya, pampu ya madzi yodontha, kapena thermostat yakufa imene ikufunika ina yatsopano.

Madzi a pamjigo kapena a pampopi mu radiyeta ndi vuto lachiwiri. Amasiya miyala yoyera ngati imene imamatirira mu ketulo, n'kutseka timipaipi ta radiyeta, komanso amadya aluminiyamu. Gwiritsani ntchito coolant wa pinki wa Toyota amene amabwera wosakaniza kale, kapena wofiira wosakaniza theka ndi theka ndi madzi a distilled, aja othira mu batire, osati asidi. Musasakanize mitundu. Dziwaninso kuti Vitz, Passo ndi ena ang'onoang'ono alibe muvi woonetsa kutentha. Ali ndi kanyali kabuluu kapena kobiriwira kosonyeza kuti injini idakali yozizira, ndi kofiira kosonyeza kuti yatentha. Kofiira kakayaka, imani pomwepo, zimitsani. Kuikakamiza kuti mufike pa sitolo yapafupi n'kumene kumapinditsa hedi. Kapu ya radiyeta isatsegulidwe injini ili yotentha.

Chachitatu ndi mafuta olakwika mu giyabokosi. CVT imayenda ndi lamba wachitsulo wogwira pa mapule awiri, ndipo imafuna mafuta akeake, CVT Fluid TC kapena FE malinga ndi chaka. ATF wamba wofiira, wa giyabokosi ya otomatiki, amachititsa lambayo kuterereka n'kupala mapule. Magiyabokosi a otomatiki wamba nawo amasiyana, ena T-IV ena WS. Mtundu wake umalembedwa pa ndodo yoyezera kapena pa bawuti yothirira. Ambiri a CVT alibe ndodo, ndipo mlingo wake umayezedwa mafuta atafunda pang'ono, cha pa madigiri 35 mpaka 45, galimoto itakwezedwa mofanana. Makaniko amene sakudziwa zimenezi asaigwire. Kwa galimoto ya matola yonyamula mopitirira muyezo, kusintha mafutawa pa makilomita 40,000 alionse kumatalikitsa moyo wa giyabokosi.

Mafuta a m'zigubu nthawi ya kusowa kwa mafuta awononga magalimoto ambiri. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol, amene amakoka chinyezi akakhalitsa m'chigubu chosatsekedwa bwino. Dizilo wosakaniza ndi parafini alibe mafuta oterera okwanira, ndipo pampu ndi mainjekita a 1KD ndi 2KD, amene amagwira ntchito pa mphamvu yaikulu kwambiri, amadyeka m'masabata ochepa. Pansi pa fyuluta ya dizilo pali kampopi kotulutsira madzi; nyali yake ikayaka, masulani mpaka dizilo woyera atuluke, kenako pompani ndi kapampu ka pamwamba. Musazolowere kuyenda thanki ili pafupi kuuma, chifukwa pampu ya petulo imakhala m'kati mwa thanki ndipo imazizira ndi mafuta omwewo.

Aqua, Prius ndi Axio Hybrid, zoyendera petulo ndi magetsi, zili ndi chawo chowonjezera. Batire lalikulu limakhala pansi kapena kumbuyo kwa mpando wakumbuyo, ndipo limazizira ndi fani yokoka mpweya wa m'galimoto kudzera pa kabowo ka pambali pa mpandowo. Fumbi ndi ulusi wa zovala zikatseka njirayo, kapena katundu akaphimba kabowoko, batire limatentha ndipo maselo ake amafooka mmodzimmodzi mpaka nyali ya hybrid system itayaka. Fani imeneyi itsukidwe kamodzi pachaka, kapena kawiri ngati mumayenda pa fumbi tsiku ndi tsiku. Mawaya a mtundu wa lalanje amanyamula magetsi okwana kupha munthu, choncho ntchito ya pamenepo ndi ya makaniko wophunzira za hybrid yekha.